Darius Rucker anathawira ku country kapena anabwerera kwawo?

Wagitala_25: Abale, ndili ndi funso lomwe likundizungulira m'mutu kuyambira Loweruka. Timaimba pa loji ina kuno ku Lilongwe, ndiye bambo wina wachikulire anabwera kutsogolo n'kupempha "Wagon Wheel". Tinaimba movutikira poti sitinaikonzekere. Nditafika kunyumba ndinaisaka pa YouTube, n'kupeza kuti amene anaitchukitsa, Darius Rucker, ndi munthu wakuda, komanso kuti kale anali mu bandi ya rock yotchedwa Hootie & the Blowfish, komwe ankaimba ndiponso kuliza gitala. Munthu amasiya bwanji rock ali ndi zaka 42 n'kukayamba country? Imeneyi ndi njala kapena mtima? Ndikufunsa chifukwa inenso ndinakulira pa rock ndi reggae, koma ndalama ikumaoneka ndikaimba Don Williams, ndipo nthawi zina ndimamva ngati ndikudzigulitsa.

Bambo_a_Tadala: Ndi njala imeneyo achimwene, tisazungulire. Bandi yawo inali itatha mphamvu. Chimbale choyamba chinagulidwa modabwitsa, zotsatira zake zinkangotsika. Anayesa R&B mu 2002 osaphula kanthu. Kenako anaona kuti msika wa country uli ndi anthu ogula, basi n'kulowera komweko. Sindikumunyoza, aliyense amafuna kudya, koma tisamuveke ungwazi.

Madala_Zomba: Bambo a Tadala, mwafulumira kuweruza mlandu musanamve mboni. Ine ndayamba kumvera country pa wailesi ya MBC ena mwa inu musanabadwe, ndipo munthu ameneyu ndamutsatira kuyambira 2008. Ndiloleni ndiyale nkhaniyi pang'onopang'ono.

Darius Rucker anabadwa pa 13 May 1966 mumzinda wa Charleston ku South Carolina, kum'mwera kwa America, kumene country ndi nyimbo yomwe umaimva ngakhale usakufuna. Analeredwa ndi mayi ake, a Carolyn, omwe anali namwino. Bambo ake sankakhala pakhomopo. Bandi ya Hootie anaiyambitsa mu 1986 ali pa University of South Carolina mumzinda wa Columbia. Mnzake Mark Bryan anamumva akuimba kubafa ku hositelo, n'kumufunsa ngati angamaimbe limodzi. Kenako anabwera Dean Felber pa besi, ndipo pambuyo pake Jim Sonefeld pa ng'oma. Anyamata amenewa anatha zaka pafupifupi zisanu ndi zitatu akuimba m'mabala ndi m'makoleji, akuyenda pa kagalimoto kamodzi, dziko lisakuwadziwa.

Chimbale chawo choyamba, Cracked Rear View, chinatuluka mu July 1994 pansi pa kampani ya Atlantic. Ku America kokha chagulidwa makope oposa 20 miliyoni. Mu 1995 palibe chimbale china chinagulidwa kuposa chimenechi m'dzikomo. Mu 1996 analandira mphoto ziwiri za Grammy. Tsono ndikufunseni Bambo a Tadala, munthu amene analemba nawo nyimbo za pa chimbale chotere, njala yake ndi yotani?

Bambo_a_Tadala: Madala, njala si ya nsima yokha. Ilipo njala ya kutchuka. Munthu amene anazolowera kudzaza mabwalo akuluakulu, akayamba kuimba pa timalo ting'onoting'ono mtima sukhala m'malo. Mwaiwala kuti mu 2005 anavala zachikawuboyi n'kukaimba pa malonda a Burger King? Munthu amene zinthu zikumuyendera sachita zimenezo.

Nachisale_Leeds: Apa Bambo a Tadala ali ndi mfundo, ndipo tisaikane. Chimbale chawo chachiwiri, Fairweather Johnson, cha mu 1996 chinafika pa nambala wani koma sichinayandikire n'komwe malonda a chimbale choyamba. Komanso anthu anayamba kuitopa bandiyi, olemba nkhani zoimbaimba ankainyoza poyera. Back to Then, chimbale cha R&B chija, sichinayende ngakhale munali Jill Scott. Zonsezo n'zoona. Koma pomwe ndikusiyana nanu ndi apa: wofuna ndalama kapena kutchuka mwachangu mu 2008, ali wakuda, sakanasankha country. Imeneyo inali njira yaminga kuposa zonse. Munthu wakuda womaliza kufika yekha pa nambala wani pa m'ndandanda wa nyimbo za country anali Charley Pride mu 1983. Werengani zaka zimenezo, 25 zathunthu. Ndani angaone khomo lotsekedwa zaka 25 n'kunena kuti ndidzere pomwepo poti mpofewa?

Wagitala_25: Iiii, zaka 25? Ndiye pakati ponsepa panalibiretu?

Aphunzitsi_Dedza: Ndikonzeko pang'ono kuti tisasocheretsane. Ray Charles anafikapo pa nambala wani mu 1985 ndi "Seven Spanish Angels", koma anaimba awiri ndi Willie Nelson. N'chifukwa chake achemwali a ku Leeds anena kuti "yekha". Oimba akuda a country analipo ndithu m'zaka zimenezo, ena anajambula zimbale, koma wailesi sizinkawapatsa mpata wokwanira.

Chinanso, Wagitala, poti inu ndinu mmisiri wa gitala: Rucker mu Hootie sanali wa lead. Lead ankagwira Mark Bryan. Rucker ankaimba mawu n'kumagwira rhythm, kawirikawiri pa gitala wa acoustic. Ndipo dzina loti Hootie si lake, ngakhale anthu ambiri amamuitana choncho. Dzina la bandi linachokera ku maina ongopatsana a anzawo awiri a pa koleji.

Wagitala_25: Zikomo aphunzitsi. Zoti ndi wa rhythm ndinaziona pa kanema, dzanja lake lamanja ndi lokhazikika kwambiri, sathamanga. Anthu amaupeputsa rhythm koma ndi umene umanyamula nyimbo. Wa lead akalakwitsa anthu amaiwala, wa rhythm akasokoneza bandi yonse imagwa.

Madala_Zomba: Eya mwana wanga, ndipo rhythm yomweyo ndi imene inamuthandiza. Wolemba nyimbo za country amafuna gitala mmodzi ndi makodi atatu kapena anayi, kwinako ndi nkhani. Rucker anali atakhala kale zaka 20 akuchita zomwezo. Tamverani "Let Her Cry", yomwe inawapatsa imodzi mwa ma Grammy aja. Chotsanimo ng'oma zamphamvu, muikemo steel gitala, mundiuze ngati si country. Ndi nkhani ya munthu amene akuona wokondedwa wake akumira m'mowa ndi mankhwala, iye osatha kumupulumutsa. George Jones akanatha kuiyimba osasintha liwu ndi limodzi lomwe.

Koma umboni waukulu ndi uwu. Mu 1992 woimba wa ku Texas dzina lake Radney Foster anatulutsa chimbale chotchedwa Del Rio, TX 1959, kutanthauza mzinda umene anabadwira ndi chaka chake. Rucker wakhala akunena kwa zaka zambiri kuti atamva chimbale chimenechi m'pamene anadziwa kuti tsiku lina adzajambula country. Onani chakacho: 1992. Cracked Rear View inali isanatuluke, analibe ndalama, analibe dzina loti aliteteze. Mu 2000 a Hootie anajambula nyimbo ya Foster yemweyo pa chimbale chawo cha nyimbo za anthu ena. Ndipo chimbale chake chachiwiri cha country, cha mu 2010, anachitcha Charleston, SC 1966 potsanzira chija cha Foster ngati kuthokoza. Akuluakulu anati khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo. Munthuyu anazungulira zaka 16 kuti akafike pamene mtima unaloza kale.

Bambo_a_Tadala: Zoti ankaikonda country sindikukana. Koma bwanji sanapite mu 1996 ali pamwamba? Anadikira kuti madzi aphwe kaye.

Mayi_a_Pempho: Chifukwa bandi si ya munthu mmodzi, bambo. Anali anayi, anayambira limodzi ali anyamata, ndipo nyimbo zawo ankalemba kuti n'za onse anayi. Mukanafuna awasiye anzake pa nthawi imene zinthu zayamba kukoma? Mukanamutchula wadyera. Anadikira mpaka 2008 pamene onse anagwirizana zopuma kaye. Ndipo sanadane, mu 2019 anabwererana, anayenda m'mizinda n'kutulutsa chimbale china, Imperfect Circle.

Ine chimene chimandikhudza pa munthu ameneyu ndi mayi ake. Ndine namwino, ndiye ndikamva kuti mayi analera ana asanu ndi mmodzi ndi malipiro a unamwino, ndimadziwa tanthauzo lake: mashifiti a usiku, kufika kunyumba miyendo itatupa, ana akudikira. A Carolyn anamwalira mu 1992 ndi matenda a mtima. Sanaone chilichonse mwa zimene tikukambazi, ngakhale Grammy, ngakhale chimbale choyamba. Pa Cracked Rear View pali nyimbo zolira iwowo, monga "Not Even the Trees". Ndipo mu 2023, patatha zaka 31, anatulutsa chimbale chotchedwa Carolyn's Boy. Bambo wa zaka 57 akudzitchulabe mwana wa Carolyn. Nyimbo zomwe zimalola mwamuna wamkulu kulira mayi ake poyera popanda manyazi ndi za country, ndiye ine sindidabwa kuti anakathera kumeneko.

Nachisale_Leeds: Mayi a Pempho mwandigwetsa misozi m'basi muno.

Achimwene_Harare: Moni nonse, ndalowa mochedwa. Ndangowerenga zonse. Ine ndikufuna tikambe za mmene analowera ku Nashville, mzinda womwe ndi likulu la nyimbo za country, chifukwa mpamene pali phunziro la Wagitala. Oimba a rock ndi pop ambiri ayesapo country n'kubwerako manja ali m'khosi. Amabwera ngati alendo olemekezeka, kujambula chimbale chimodzi, kuyembekeza kuti wailesi ziwagwadira chifukwa cha dzina. Rucker atasaina ndi kampani ya Capitol Nashville, yomwe mkulu wake anali Mike Dungan, anachita zimene amachita mwana wongoyamba kumene. Anakwera galimoto n'kuyendera nyumba za wailesi zoposa 100, imodziimodzi, kukaimba ndi gitala m'kachipinda pamaso pa anthu ochepa, kugwirana chanza ndi osankha nyimbo. Munthu amene anagulitsa makope 20 miliyoni! Atayamba kuyenda m'mabwalo ankatsegulira anzake ngati Brad Paisley, iye kuimba koyambirira anthu akulowa kumene.

Ndipo iye mwini ananenapo kuti ena mwa akuluakulu a wailesi anamuuza maso ndi maso kuti omvera awo sangalandire woimba country wakuda. Sanakwiye n'kubwerera. Anapitiriza ulendo.

Wagitala_25: Achimwene, apa ndiye mwandilasa. Chaka chatha ndinakana kutsegulira bandi ina ya ana ang'onoang'ono poti ndinayamba kuimba iwo ali ku pulayimale.

Achimwene_Harare: Zimachitika m'bale wanga, tonse tili nawo mtima umenewo. Koma taonani zotsatira zake. Nyimbo yake yoyamba, "Don't Think I Don't Think About It", yomwe analemba ndi Clay Mills, inafika pa nambala wani mu 2008. Yachiwiri, "It Won't Be Like This for Long", nambala wani. Yachitatu, "Alright", nambala wani. Zonsezi za pa chimbale chimodzi, Learn to Live. Mu 2009 bungwe loona za nyimbo za country la CMA linamupatsa mphoto ya woimba watsopano, woyamba wakuda kuilandira. Anali ndi zaka 43 ndipo anailandira mokondwa, osanena kuti ine si watsopano.

Bambo_a_Tadala: Chabwino, kulimbikira ndavomera. Koma tiyeni tikambe za nyimbozo. Ine ndinakulira pa Jim Reeves, Don Williams, Dolly Parton. Ndikamvera "Alright" ndimamva pop yovala chipewa. Yosalala kwambiri, yopangidwira wailesi. Mulibe fumbi. Country yeniyeni imanunkha thukuta.

Madala_Zomba: Apa pokha ndigwirizana nanu theka. Nyimbo zake zina n'zopepuka, zonena za mowa wozizira ndi dzuwa, zomwe Nashville imatulutsa ngati njerwa za pa chikombole chimodzi. "Homegrown Honey" ine sindiyimvera kawiri. Koma dziwani kuti pamene ankakonza chimbale choyamba, iye ankafuna country yachikale kwambiri, yovina awiriawiri ya ku Texas ija, ndipo a kampani ndi amene anamuuza kuti nyimbo zakezo zapitirira ucountry, wailesi sizingaziike. Ndiye kusalala mukukunenako si umboni woti sadziwa country. Ndi mtengo umene analipira kuti alowe pakhomo.

Komanso Bambo a Tadala, Jim Reeves amene mukumutamayo, m'nthawi yake anthu ankamunena zomwezo. Iye ndi Chet Atkins anachepetsa fiddle n'kuika mavayolini ofewa ndi oimba pambuyo, ndipo okonda zachikale ankati aononga country. Lero ndi amene timamutcha weniweni.

Aphunzitsi_Dedza: Ndiwonjezere pa mawu a madala. Ambiri mwa amene timawatenga ngati eni country anachokera kwina. Kenny Rogers anali mu gulu la The First Edition, ankaliza besi, ndipo nyimbo yawo yoyamba kutchuka inali rock yeniyeni ya m'ma 1960. Conway Twitty anatchuka mu 1958 ndi rock and roll, anasamukira ku country cha m'ma 1965, ndipo poyamba oulutsa mawu ena ankakana kumuika. Waylon Jennings ankaliza besi kwa Buddy Holly mu 1959. Don Williams amene anali mu gulu la Pozo-Seco Singers lomwe linkaimba folk. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Rock ndi country ndi ana a nyumba imodzi, zonse zinaphukira kum'mwera kwa America, ndipo makodi ake ndi omwewo.

Wagitala, ngati mukufuna wa lead weniweni amene analowera ku country, fufuzani Chris Shiflett wa Foo Fighters. Sanaisiye bandi yake, koma payekha amajambula country, monga chimbale cha West Coast Town cha mu 2017. Aliponso Aaron Lewis wa bandi ya Staind, amene mu 2011 anatulutsa Town Line, momwe muli nyimbo yomwe anaimba ndi George Jones ndi Charlie Daniels. Koma pa awiriwa palibe amene anafika pamene Rucker anafika pa wailesi.

Wagitala_25: Shiflett ndimamudziwa, koma zoti amaimba country sindinkadziwa. Ndimusaka usiku uno. Funso lina: nyimbozi amalemba yekha? Chifukwa ndikuona maina ambiri pansi pa nyimbo iliyonse.

Nachisale_Leeds: Ndi mmene Nashville imagwirira ntchito. Kumeneko kulemba nyimbo ndi ntchito yolowa m'mawa ngati ku ofesi. Anthu awiri kapena atatu amapangana tsiku, kukumana m'chipinda ku Music Row, dera la makampani a nyimbo mumzindawo, ndi magitala, wina kubwera ndi mutu wa nyimbo, wina ndi kamayimbidwe, pofika madzulo nyimbo yatha, ndipo kawirikawiri amagawana mofanana. Rucker anachita kuphunzira kachitidwe kameneka, chifukwa ku Hootie ankalemba ndi anzake omwewo zaka zonse. Wojambula nyimbo zake, Frank Rogers, ndi wa ku South Carolina komweko, yemwenso ankajambula Brad Paisley, ndipo analemba naye zingapo. "It Won't Be Like This for Long" analemba ndi Chris DuBois ndi Ashley Gorley, nkhani ya bambo amene akuona mwana wake wamkazi akukula mofulumira. Ndipo "Come Back Song" ya mu 2010 analemba ndi Casey Beathard komanso Chris Stapleton, nthawi imeneyo Stapleton asanatchuke ngati woimba payekha.

Ine ndinamuonera ku O2 Arena ku London mu March 2022 pa chikondwerero cha Country to Country. Anasakaniza nyimbo za Hootie ndi za country, ndipo kunena zoona sungadziwe pamene zina zathera ndi pamene zina zayambira. Mawu ake ndi amodzimodzi, okhuthala, otsika. Atafika pa "Wagon Wheel" bwalo lonse linaimirira.

Bambo_a_Tadala: Yomwe si yake n'komwe.

Nachisale_Leeds: Si yake, ndipo sanabisepo.

Madala_Zomba: Mbiri ya nyimbo imeneyi ndi yokoma, ndiloleni. Kolasi yake anaiyamba Bob Dylan mu 1973 pamene ankajambula nyimbo za filimu ina, koma sanaimalize, inangotsala pa tepi ngati chongoyeserera. Mnyamata wina, Ketch Secor, anaimva tepiyo ali pa sukulu n'kulemba mavesi ake. Gulu lake la Old Crow Medicine Show linaitulutsa mu 2004, ndipo umwini anagawana ndi Dylan. Rucker ankaidziwa nyimboyi, koma inamugwira mtima tsiku lina ku sukulu ya mwana wake wamkazi, kumene bandi ya aphunzitsi inaiyimba pa chionetsero cha luso. Anaijambula ndi a Lady Antebellum akuthira mang'ombe pambuyo, inatuluka mu 2013 pa chimbale cha True Believers, n'kumupatsa Grammy mu 2014. Pofika 2022 inali itadutsa 10 miliyoni ku America pophatikiza malonda ndi kumvera pa intaneti.

Ndiye onani: anayamba Dylan, anamaliza mwana wa sukulu, anaikumbutsa aphunzitsi, anaitchukitsa Rucker, ndipo Loweruka lapitali bambo wina waipempha ku Lilongwe. Ku country kuimba nyimbo ya mnzako si kuba. Ngakhale Don Williams nyimbo zake zambiri zotchuka analemba ndi anthu ena, monga Bob McDill.

Achimwene_Harare: Mwatchula Don Williams madala, mwandikumbutsa 1997 pamene anabwera kuno ku Harare. Malemu bambo anga, amene anachoka ku Ntcheu ali mnyamata kudzagwira ntchito kuno, anasunga ndalama miyezi ingapo kuti akamuone. Anabwerako mawu atasasa. N'chifukwa chake zimandipweteka ndikamva kuti ku America kuli anthu oganiza kuti country ndi ya azungu okha. Mu 2013 munthu wina anamulembera Rucker pa Twitter kuti asiyire azungu nyimbo za country. Munthu ameneyo akanabwera kuno adzaone amene amadziwa mawu onse a nyimbo za Don Williams pamtima.

Aphunzitsi_Dedza: Nkhani imeneyi ndi yakuya kuposa mmene ambiri amadziwira. Banjo, chida chomwe chili pakati penipeni pa country, chinachokera kwa akapolo a ku Africa. Ku Senegal ndi Gambia kukadali chida chotchedwa akonting chomwe kapangidwe ndi kalizidwe kake n'kofanana ndi banjo yakale. Hank Williams anaphunzira gitala kwa munthu wakuda woimba m'misewu, Rufus Payne. A.P. Carter wa banja lotchuka la Carter ankayenda ndi Lesley Riddle, wakudanso, posonkhanitsa nyimbo m'midzi, ndipo Riddle ndi amene ankasunga mayimbidwe pamtima. DeFord Bailey, woliza harmonica, anali mmodzi mwa akatswiri oyambirira a Grand Ole Opry, pologalamu ya pa wailesi yotchuka ya nyimbo za country ku Nashville, m'ma 1920. Makampani a malekodi ndi amene anagawa nyimbo pawiri m'zaka zimenezo, izi za azungu a kumidzi, izi za akuda, pofuna kugulitsa.

Charley Pride atayamba ku kampani ya RCA m'ma 1960, nyimbo zake zoyamba ankazitumiza ku wailesi popanda chithunzi chake. Anthu anayamba kukonda mawu asanaone nkhope. Rucker analibe mwayi wobisala umenewo, nkhope yake dziko lonse linkaidziwa kale. Pamene anamulandira kukhala membala wa Grand Ole Opry mu October 2012, anali wakuda wachitatu chabe, pambuyo pa Bailey ndi Pride. Brad Paisley ndi amene anamuitana, Vince Gill n'kumulowetsa.

Ndipo banjo yomweyo inabwerera kuno. Tamverani malemu Allan Namoko ndi Chimvu River Jazz Band, kapena anyamata a m'midzi opanga banjo ndi chigubu ndi mawaya a njinga. Wagitala, mukamaimba country simukubwereka za eni.

Mayi_a_Pempho: Aphunzitsi, za tsankho munthuyu sanaziyambire ku Nashville. Pa Cracked Rear View pomwepo pali nyimbo yotchedwa "Drowning" yodzudzula mbendera ya Confederate yomwe inkauluka pamwamba pa nyumba ya malamulo ya South Carolina, mbendera ya amene ankamenyera kuti ukapolo upitirire. Analandira makalata omuopseza kuti amupha. Mbenderayo anaitsitsa padenga mu 2000 koma inakhalabe pabwalo mpaka July 2015, anthu asanu ndi anayi ataphedwa m'tchalitchi cha akuda cha Emanuel ku Charleston, kwawo kwenikweni kwa Rucker. Ndiye akamaimirira pamaso pa khamu la okonda country, komwe ena amanyamulabe mbendera yomweyo, amadziwa bwino pamene waima.

Ndinenenso za Pride. Mu November 2020 Rucker ndi Reba McEntire ndi amene ankatsogolera mwambo wa mphoto za CMA, usiku umene Charley Pride anapatsidwa ulemu wa ntchito ya moyo wake wonse. Patangotha mwezi umodzi Pride anamwalira ndi Covid-19 ali ndi zaka 86.

Bambo_a_Tadala: Ndawerenga zonse modekha. Za Radney Foster ndi 1992 sindinkazidziwa, ndipo zandisintha maganizo pa mbali ya njala. Ndabweza mawu amenewo. Koma pa mbali ya nyimbo ndikadali pomwe ndinali. Anali ndi mphamvu pambuyo pa "Wagon Wheel" yoti akanauza kampani kuti tsopano ndijambula country yachikale ija ndinkafuna poyamba. Sanatero. Anapitiriza zosalala zomwezo. Chris Stapleton anaonetsa mu 2015 kuti anthu akhoza kugula nyimbo zokhala ndi fumbi. Rucker ali ndi mawu oti akanatha kuchita zomwezo, ndipo ine ndikudikirabe chimbale chimenecho.

Madala_Zomba: Chimenecho nanenso ndikuchidikira, sindinama. Koma musanatseke khutu, pa Learn to Live mverani "All I Want", momwe Brad Paisley akuliza gitala, ndi "If I Had Wings", momwe Vince Gill ndi Alison Krauss akuthandizira mawu. Fumbi mulipeza. Nyimbo zabwino za munthu ameneyu zambiri si zimene zinapita ku wailesi.

Bambo_a_Tadala: Ndizimvera mawa popita ku ntchito, ndidzakuuzani.

Nachisale_Leeds: Funso lina lomwe ine ndilibe nalo mtendere ndi lakuti, kodi khomo analitsegula kapena anangodutsapo yekha? Pambuyo pake kwabwera Kane Brown, kwabwera Shaboozey amene makolo ake ndi a ku Nigeria, ndipo Beyoncé anatulutsa chimbale chake cha country mu 2024. Koma akazi akuda ngati Mickey Guyton akuvutikabe kuti wailesi za country ziwaike. Kwa amuna zinthu zasunthako, kwa ife akazi khomo likadali lolemera.

Mayi_a_Pempho: Zoona achemwali. Imeneyo ndi nkhani yofunika tsiku lakelake, tidzaitsegule payokha.

Wagitala_25: Abale, zikomo kwambiri. Ndinabwera ndi funso la Rucker koma ndikuona kuti limene linkandivuta ndi langa. Ndakhala ndikuimba country ngati ganyu, manja akuliza koma mtima uli kwina, ndipo mwina n'chifukwa chake Loweruka lija inatuluka yozizira. Chonsecho agogo anga ku Dowa ankatsegula Jim Reeves Lamlungu lililonse tikachoka ku tchalitchi, ndipo nyimbo zimenezo ndimazidziwa kuposa za rock zomwe ndinachita kuphunzira ndili wamkulu. Ndili ndi nyimbo ziwiri za Chichewa zomwe ndinalemba agogowo atamwalira, sindinaziyimbepo pagulu poti ndinkaona ngati n'zachikale. Ndiziyesa Loweruka likubwerali. Koma kaye, alipo angandithandize makodi olondola a "Wagon Wheel"? Bambo aja anati abweranso.

Achimwene_Harare: Ikani capo pa fret yachiwiri, mugwire G, D, Em, C, kenako G, D, C n'kuikhazika pa C pomwepo. Vesi ndi kolasi zimayenda chimodzimodzi. Ngati mulibe capo ndi A, E, F#m, D. Wa ng'oma mumuuze asathamange, ndipo ngati mulibe wa fiddle, kachidutswa koyambirira kaja mukalize pa lead, mawaya awiri nthawi imodzi. Nyimbo zanu ziwirizo mudzajambule pa foni mutiponyere muno.